Besi ya Yotamu ndi Malata a Denga

Panali munthu wina woimba besi mu kwaya ya pa tchalitchi cha kumudzi, dzina lake Yotamu. Inu a magitala kumbuyoko, siyani kaye kugwiragwira nsambozo. Nkhaniyi ndi yanu, ngakhale si yanu nokha.

Yotamuyu anakulira pa babatoni, besi ya kwathu ija ya nsambo imodzi, waya wochotsa m'tayala, ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Anaimba zaka khumi, mpaka nsonga za zala zake zinachita zikang'a. Koma mtima wake unali pa besi ya nsambo zinayi, yolumikiza ku sipika. Sankabisa ayi. Aliyense amene anamwapo naye thobwa ankadziwa zimenezi.

Chaka china mlamu wake wogwira ntchito ku Joni anamukumbukira, n'kumutumizira besi pa malole aja onyamula katundu. Inali yoti ena anaimbapo kale, yofiira, yopalika pang'ono pamimba, ndipo chikwama inalibe. Yotamu ataimasula m'makatoni analira, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ana akuonerera. Mkazi wake Nangondo analowa m'nyumba n'kutulutsa chitenje chake chatsopano, chimene anali asanavalepo, kuti besiyo azikulungira isalowe fumbi.

Tsono mvetsetsani mmene zinthu zinkakhalira m'tchalitchi muja, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Sipika ya besi inali bokosi lalikulu lakuda, ndipo inkakhala pansi, pa simenti. Chingwe cholumikizira chinali chachifupi, mikono iwiri basi. Choncho Yotamu akamaimba ankaima pafupi kwambiri, sipika ili kumbuyo kwa miyendo yake, ndipo sankatha kusuntha ngakhale pang'ono kuopa kuzula chingwe. Nangondo ankakhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo, kumene amakhala amayi a ana oyamwa.

Masabata atatu oyamba anali achimwemwe chokhachokha. Yotamu ankadzuka akumwetulira, ankalima akung'ung'udza nyimbo, ndipo akabwera kumunda ankayamba wasamba m'manja asanakhudze gitala yake.

Sabata lachinayi kunali msonkhano wa makwaya ku boma. Njinga ya Yotamu inaphwa tayala panjira, ndiye anafika mochedwa, holo itadzaza kale. Anaima kukhomo pamodzi ndi ena osowa pokhala. Nthawi yomweyo kwaya ina ya m'tauni inali kutsogolo, ndipo besi yawo inayamba kulira.

Abale, mawu ake! Anali onona, ozama, oyenda pang'onopang'ono ngati munthu wokhuta. Yotamu anawamva m'mimba asanawamve m'makutu. Msonkhano utatha anafunafuna woimba uja mpaka anamupeza, mnyamata wa nsapato zosongoka, n'kumufunsa chinsinsi chake.

"Akulu, nkhani ndi mapikapu," anatero mnyamatayo, akuloza timabokosi tiwiri tokhala pansi pa nsambo, timene timatola mawu n'kuwatumiza ku sipika. "Ine ndinachotsa amene inabwera nawo n'kuikamo awa. Popanda zimenezo mukungotaya nthawi."

Ake anali onyezimira. A Yotamu anali akuda, ofumbwa m'mbali.

Lamulungu lotsatira Yotamu anaima pamalo pake paja n'kuyamba kuimba, koma tsopano ankamvetsera ndi khutu lofunafuna cholakwa. Ndipo anachipeza. Anamva zala zake zikukwecha pa nsambo. Anamva nsambo ikugunda pa tizitsulo ta pakhosi pa gitala, tiki tiki tiki. Kunona kuja sanakumve n'komwe. Anachita manyazi, ndipo chimwemwe cha masabata atatu chinathera pa nyimbo imodzi.

Pobwerera kunyumba Nangondo anamufunsa kuti: "Bambo a Ulemu, bwanji lero mumaimba nkhope ili pansi?"

"Gitalayi ilibe mawu. Ikulira ngati chitini."

"Chitini? Ife kumbuyo kuja imatifika mpaka pachifuwa. Mayi a Sigele anachita kuimirira n'kuvina, ndi mwendo wawo wotupa uja."

"Nangondo, inu mumadziwa chiyani za gitala? Mumakhala kukhomo, kumene ana amangolira."

Nangondo anakonza mwana kumbuyo n'kupitiriza kuyenda, koma mawuwo anamupweteka, ndipo Yotamu anaona kuti amupweteka.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali malata khumi ndi awiri, oyedzamitsidwa kukhoma, ofunditsidwa ndi masaka. Anagulidwa ndi ndalama za mtedza wa zaka zitatu. Nangondo ndiye anaupalira, ndiye anausenda ndi manja ake mpaka zala kutuluka matuza, ndipo chaka chilichonse ankawonjezerapo malata anayi. Denga lawo la udzu linali litatheratu. Dzinja lapitalo mvula inkadontha pamphasa pogona ana, moti wamng'ono anatsokomola miyezi iwiri. Tsopano unali mwezi wa Okutobala, malata anali atakwana ndendende, ndipo kalipentala anali atalonjeza kubwera sabata ya mawa lake.

Lolemba Yotamu anapalasa njinga kupita ku boma kwa a Gwedeza, bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi magitala, amene pa unyamata wawo ankaimba m'mabandi a m'mahotela. Gitala anaisiya kunyumba, ankafuna kungofunsa. Anawafotokozera za besi ya mnyamata wa m'tauni uja. A Gwedeza anatsitsa kabokosi pashelefu n'kukatsegula. Munali mapikapu awiri onyezimira, ofanana ndi a mnyamata uja. Atanena mtengo wake, Yotamu anangoseka kuseka kwa munthu wopanda kanthu m'thumba.

"Nanga malata muli nawo?" anafunsa a Gwedeza. "Ndikufuna kumanga khonde pano mvula isanayambe. Mukandipatsa asanu ndi limodzi, mapikapu ndi anu, ntchito ndigwira ulere. Koma ndikuuziretu. Awa ndi aakulu kuposa amene ali pa gitala yanu. Kuti alowe, ndiyenera kusema thabwa ndi tchizulo. Ndikasema ndasema, thabwa silibwerera."

Yotamu anabwerera kwawo ndi nkhaniyo mumtima, ndipo anakhala nayo masiku anayi.

Musamuone ngati chitsiru, chifukwa sanali chitsiru. Ankaganiza, ndipo maganizo ake anali ooneka bwino. Ankadziuza kuti gitalayo si yoimbira ku mowa, ndi ya m'nyumba ya Mulungu, ndipo Mulungu sapatsidwa za chitini. Ankadziuza kuti malata asanu ndi limodzi otsalawo akwanira kufolera mbali ya ana, mbali inayo adzamaliza chaka chamawa. Kenako mtima wina unkamuyankha kuti denga la theka limadontha pakati, pamene lata lakumana ndi udzu, ndipo iye ankadziwa kuti ndi zoona. Ankapita kuseri kukaima pafupi ndi malata. Ankabwerera m'nyumba kukavundukula gitala. Akaikhudza, mawu a mnyamata uja ankabwerera: mukungotaya nthawi. Zaka khumi anadikira besi yeniyeni, ndiye ikhale yoti anthu a m'tauni akaimva aziseka? Zimenezi ndi zimene zinkamuwawa kwambiri, ngakhale kuti sakanavomera pa anthu.

Lachisanu m'mawa anauza mkazi wake. Nangondo anali akusesa pabwalo. Anamvetsera mpaka kumapeto, tsache lili m'manja.

"Malatawo ndi a nyumba ino, ndipo bambo wa nyumba ino ndinu," anatero. "Ine sindikugwirani dzanja. Koma mvula ikadzagwa, anawa mudzawafotokozere nokha."

Yotamu anasolola malata asanu ndi limodzi, anawapinda pamodzi monga timapindira mkeka, n'kuwamanga pa njinga ndi malegeni. Gitala anaibereka kumbuyo m'chitenje chija. Njinga sinkapalasika ndi katundu wotere, ndiye anaikankha ulendo wonse, dzuwa likuswa mtengo. Sanacheuke kuti aone ngati mkazi wake akumuyang'ana.

Ku boma linali tsiku la msika. Kutsogolo kwa shopu ya a Gwedeza kunali kutadzaza madengu a tomato ndi anyezi, moti poimika njinga panalibe. Yotamu anakaiyedzamitsa pa mtengo wa mango tsidya lina la msewu, n'kuwoloka ndi gitala yokha. A Gwedeza anailandira, anaivula chitenje, anaitembenuza uku ndi uku. Tchizulo ndi hamala zinali kale patebulo.

"Kamasuleni malatawo," anatero. "Ine ndiyambepo."

Yotamu anawolokanso msewu.

Tsono a Gwedeza anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anachisunga zaka zonse za ntchito yawo. Sankatsegula chinthu asanachimve. Kaya ndi wailesi, kaya ndi chiyani, ankayamba achiyatsa kuti adziwe mmene chabwerera. Choncho asanagwire tchizulo analumikiza besi ija ku sipika ya m'shopu, anaikhazika pamwendo, n'kuyamba kuimba kanyimbo kakale, pang'onopang'ono.

Yotamu anali atawerama pa njinga, dzanja limodzi pa malegeni, lina pa malata. Choyamba anamva malata akunjenjemera m'chikhatho mwake. Kenako mawu aja anamufika, onona, ozama, osafulumira. Mayi wina wogulitsa nthochi pansi pa mango pomwepo anayamba kugwedeza mapewa osadziwa n'komwe kuti akuwagwedeza.

"Ndi amenewa!" anatero Yotamu mokweza, anthu n'kumucheukira. "Mawu ake ndi amenewa!"

Anaganiza mwachangu. Mapikapu sangalowe m'kanthawi kochepa chotere. Ndiye kuti a Gwedeza atsitsa ina mwa magitala amene anali opachikidwa kukhoma m'shopumo. Anasiya malegeni ali lende, anathamanga kudutsa msewu, wa kabaza wina n'kumutukwana atatsala pang'ono kumugunda, ndipo analowa m'shopu akupuma mwawefuwefu.

"Bambo Gwedeza, zosintha zija zisiyeni! Ndipatseni imene mumaimbayo. Yanga ija mutenge, ndi malata onse khumi ndi awiri, otsalawo ndibweretsa mawa!"

A Gwedeza anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iyi?" anafunsa.

Pamwendo pawo panali besi yofiira, yopalika pang'ono pamimba, mapikapu ake akuda aja ali m'malo mwake. Chitenje cha Nangondo chinali patebulo. Kabokosi ka mapikapu atsopano kanali kasanatsegulidwe.

Yotamu anangoti kukamwa yasa.

"Taimbaninso," anatero chapansipansi.

A Gwedeza anaimbanso. Ndipo Yotamu, ataima pafupi pomwepo, anamva zomwe ankamva m'tchalitchi: zala kukwecha, nsambo kugunda tizitsulo, tiki tiki tiki.

"Si mmene imamvekera kunja kuja," anatero.

"Bwererani kumene munali. Koma muziyenda pang'onopang'ono."

Yotamu anayamba kubwerera chafutambuyo, a Gwedeza akuimbabe. Atafika pakhomo, kukwecha kuja kunachepa. Atadutsa madengu a tomato, kunatheratu. Atafika m'mphepete mwa msewu, mawu aja anatseguka n'kudzaza malo onse, ndipo anawamva pachifuwa, pomwe paja mkazi wake ananena. Anaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akumulambalala ndi katundu wawo. Mwezi wathunthu anali akuibereka kumsana, akuipukuta fumbi, akugona nayo chipinda chimodzi, koma besi yake anali asanaimvepo.

Atalowanso, a Gwedeza anamufunsa kuti: "Ya mnyamata wa m'tauni ija munaimvera pati?"

"Kukhomo kwa holo."

"Nanga yanuyi mumaimvera pati?"

"Pomwe ndimaima poimba."

"Sipika ili kuti?"

"Pansi, kumbuyo kwa miyendo."

A Gwedeza anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, kodi makutu anu ali m'mawondo? Besi imakomera amene ali patali. Woimba amamva zala zake, anthu ndi amene amamva nyimbo. Mnyamata wanu uja naye akaima pa sipika yake amamva tiki tiki yemweyo."

Kenako anasiya kuseka. Anagoneka gitala patebulo, anatsegula kabokosi kaja, mapikapu atsopano n'kunyezimira.

"Komabe sindikunamizani," anatero. "Malatawo ndikuwafuna, ndipo mapikapuwa ndi abwino ndithu. Kusiyana kungakhalepo, kochepa, koti inu ndi ine tingakumve. Tinagwirizana kale. Mukati ndiseme, ndisema."

Anatenga tchizulo, anaika nsonga yake pa thabwa lofiira lija, n'kunyamula hamala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Yotamu sanazengereze, koma anazengereza. Maso ake anapita pa kabokosi. Zinthu zonyezimira zili ndi mphamvu, abale, ngakhale munthu utadziwa kale choonadi. Anaganiza za msonkhano wa chaka chamawa, mnyamata uja akuyang'ana gitala yake n'kugwedeza mutu movomereza. Ndiyeno maso ake anagwera pa chitenje chili patebulo, chatsopano, chimene mwini wake anali asanavalepo ngakhale kamodzi.

Anatambasula dzanja n'kuphimba thabwa ndi chikhatho chake, pafupi ndi nsonga ya tchizulo.

"Ayi, bambo. Isiyeni momwemo."

A Gwedeza anatsitsa hamala. Anapuma mozama, akuyang'ana panja pamene khonde lawo likanakhala.

"Mwandidyetsa mvula chaka chino," anatero. "Pitani. Mukakafika, sipikayo mukaikweze pampando iloze kumutu kwanu, kuti nanunso muzilawako."

Yotamu anakulunga gitala, anamanganso malegeni, n'kuyamba kukankha njinga kubwerera. Ulendo wobwerera unali wokwera mtunda, ndipo malata sanapepuke chifukwa choti mwini wake wazindikira. Kumadzulo kwa phiri mitambo inali itayamba kusonkhana.

Anafika dzuwa litapendeka. Nangondo anali pakhonde akusankha nyemba. Anaona njinga, anaona malata, anaona mwamuna wake thukuta lili kamukamu. Yotamu anaimika njinga n'kudzaima patsogolo pake.

"Nangondo, ndinakulakwirani. Imafikadi mpaka pachifuwa."

Nangondo anataya kamwala kamene anatola m'nyemba.

"Ndiye munachita kukankha malata mpaka ku boma kuti mukamve zimene ndinakuuzani ulere panjira ya ku tchalitchi?"

"Eya."

"Chabwino. Gwirani uko, ine ndigwire kuno, angakuchekeni."

Anthu awiriwo anamasula malatawo n'kukawabwezera kuseri, pa anzawo asanu ndi limodzi aja. Kalipentala anabwera Lachiwiri. Mvula yoyamba inagwa Loweruka masana, yamphamvu, ndipo ana anathamangira m'nyumba n'kukakhala pamphasa youma, akumvetsera mmene ikulirira padenga.

Fanizo lathera pamenepa. Tsopano ndilankhule nanu.

Aliyense wa inu ali ndi chimene anapatsidwa kuti anyamule: wina mawu oimbira, wina banja, wina ana, wina ntchito imene anthu saiyamikira kawirikawiri. Ndipo aliyense waima pa chingwe chachifupi. Muli pafupi kwambiri ndi chinthu chanucho, moti chimene mumamva ndi kukwecha kwa zala zanu, kutopa kwanu, kulakwitsa kwanu kwa tsiku ndi tsiku. Za mnzanu mumazimvera kukhomo, kumene zimafika zitasalala kale. Ndiye mumaika ziwirizo pamodzi n'kunena kuti chake ndi chonona, changa ndi chitini. Mwaweruza molakwa, chifukwa simunaime pamalo amodzi pomvetsera.

Sindikunena kuti kulibe choyenera kusintha. Nsambo yoduka imasinthidwa, ndipo munthu woimba molakwa ayenera kuphunzira. Koma musanaike tchizulo pa chinthu chimene sichidzabwerera, ndiponso musanalipire ndi denga la ana anu, wolokani kaye msewu mukachimvere kumene ena amachimvera. Ngati simungathe kuwoloka, funsani amene ali tsidyalo. Nthawi zambiri sakhala kutali. Amakhala m'nyumba mwanu momwemo, ndipo anakuuzani kale, inu n'kuwafunsa kuti amadziwa chiyani.

Lero mukafika kwanu, kawafunseninso. Ulendo uno mukamvetsere mpaka amalize.